Kalata kwa a Nduna, a MEPA ndi ma DC a m'mbali mwa nyanja: majumbo ndi mabotolo akutithera nyanja

Olemekezeka a Nduna oona za chilengedwe, akuluakulu a ku bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, mabwana ma DC ndi makhansala a Mangochi, Dedza, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay, Rumphi, Karonga ndi Likoma, komanso inu mafumu athu a m'mbali mwa nyanja, ndakupatsani moni nonse.

Ine ndine munthu wamba, mwana wa kunyanja, ndinakulira pa usipa ndi utaka ndipo fizi yanga ya kusukulu inkachokera pa thandala la nsomba la mayi anga. Ndalemba kalatayi poyera dala kuti aliyense awerenge, chifukwa nkhani ya mapulasitiki kunyanja kuno yafika poti sitingamangoinong'ona padoko tokhatokha. Pempho langa ndi limodzi ngakhale ndilankhula zambiri: lamulo loletsa majumbo opyapyala lilipo kale, makhoti analivomereza, nde ligwireni ntchito kuyambira kufakitale ndi kuboda, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja mutipatse kotaya zinyalala. Pakali pano kotaya kulibe, ndipo komwe zikuthera ndi m'madzi omwe tikumwa.

Ndiyambe ndi chinthu chomwe anthu ambiri a kumtunda sachidziwa, olo ena a kunyanja konkuno. Timakonda kunena kuti nyanja ndi yaikulu, imadzitsuka yokha. Aaa ayi. Nyanja yathuyi ndi yaitali makilomita oposa 500, pena kuya kwake kumafika mamita 700, mitsinje yolowamo ndi yambirimbiri, Songwe, North Rukuru, South Rukuru, Luweya, Dwangwa, Bua, Linthipe, kuonjezapo ya ku Tanzania ndi ku Mozambique, koma wotulukamo ndi umodzi basi, Shire wa ku Mangochi uja. Ndipo madzi ambiri sachokanso kudzera mu Shire, amauluka ndi dzuwa ngati nthunzi. Madzi amauluka koma jumbo siiuluka nawo. Botolo lomwe lalowa lero ku Senga Bay likapanda kukankhidwira kumtunda ndi mafunde limamira nkukhala pansi pompo, zaka ndi zaka, likungofumbutuka pang'onopang'ono. Ndiye tikamati "zapita ndi madzi" tizidziwa kuti sizinapite kulikonse, zili momwemo, pomwe mbuna ndi chambo zikuswanirana.

Ndipo zinyalala zambiri zomwe timaziona pagombe si za anthu a pagombe okha ayi. Munthu wa ku Kawale kaya ku Mchesi akataya jumbo m'ngalande, mvula ikagwa imapita mu mtsinje wa Lilongwe, Lilongwe amakathira mu Linthipe, Linthipe amakathira m'nyanja ku Salima. Imani pa mlatho wa pakati pa msika wa Tsoka ndi msika waukulu uja ku Lilongwe muyang'ane pansi, zonse mukuziona apozo ulendo wake ndi wa kwathu. Ku Mzuzu chimodzimodzi, za mu Lunyangwa zimatsetsereka mpaka zikapezeke m'nyanja. Za ku Blantyre za mu Mudi zimalowera ku Shire, Shire nkukathira mu Zambezi ku Mozambique, Zambezi nkukathira m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean, nde olo dziko lathu silinagunde nyanja ya mchere, majumbo athu akukafika kumeneko. Nawo a EGENCO akhala akudandaula za zinyalala ndi udzu zomwe zimatseka makina pa Nkula, magetsi nkumavuta. Mwaona kuti nkhaniyi si ya asodzi okha.

Bwerani m'mamawa pagombe mwera ukaomba usiku wonse muone. Pomwe mafunde alekezera pamakhala mzere wautali, kale mzere umenewo unkakhala wa bango, tizigoba ta nkhono ndi timitengo, ana tinkatola nkumaseweretsa. Pano mzerewo ndi timapepala ta mafilizesi todulidwa pakona ndi mano, timabotolo ta mowa wotchipa uja, zitsekerero za mabotolo zofiira zobiliwira, timapaketi ta sopo wa ufa ndi ta mafuta ophikira a woyeza, masitulo omwera, zidutswa za patapata, majumbo abuluu ndi akuda atakwiririka theka mumchenga, ndipo chonyansa kuposa zonse, mapampasi otupa ndi madzi. Pomwepo mayi akutsuka mbale, pomwepo wina akutunga madzi a phala la mwana, pomwepo ana akusambira. Ukakumba mchenga ndi chala pang'ono chabe umapeza tizidutswa tating'ono ta mitundumitundu tosatoleka, toti olo mutabwera ndi gulu la anthu 1,000 ndi masaka simungatithe.

Tizidutswa timeneti ndi tomwe timandisowetsa tulo. Pulasitiki saola ngati khoko la nthochi, dzuwa ndi mafunde zimangomuphwanya kukhala tating'ono kwambiri mpaka tosaoneka ndi maso, nsomba nkumameza poyesa chakudya. Ku Mwanza ku Tanzania, pa nyanja ya Victoria, kafukufuku yemwe anatuluka mu 2016 anapeza tizidutswa ta pulasitiki m'mimba mwa nsomba imodzi pa nsomba 5 zilizonse zomwe anazing'amba. Iyo ndi nyanja ya anzathu oyandikana nawo, moyo wake ngofanana ndi wathu, majumbo ake ndi omwewa. Tsono ganizirani usipa. Chambo timachitumbula nkutaya matumbo, koma usipa ndani amatumbula? Timadya wonse, mutu, mimba, zonse, kaya wofutsa kaya wowuma kaya wokazinga, ndipo ndi ndiwo ya aliyense kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Bwana Nduna, usipa womwe umafika patebulo panu ku Lilongwe ndi womwewu wa pa thandala lathu.

Alovi, anyamata ogwira ntchito ya usodzi aja, akakoka khoka masiku ano ntchito yoyamba ndi kusankha zinyalala. Ndaonapo ndi maso anga ukonde ukutuluka wolemera anyamata akuimba mokondwa kuti lero kwagwa, kufika pamtunda theka lake ndi majumbo odzadza matope ndi mabotolo, nsomba zake zosakwana ndi beseni lomwe, anthu kungoti zii aliyense kuyang'ana kumbali. A maboti a injini nawo akudandaula kuti jumbo kaya chingwe cha nayiloni chikakulunga pa pulopela injini imazima pakati pa nyanja, usiku, mwera uli mkati. Imeneyo ndi nkhani ya moyo wa munthu.

Pali pulasitiki wina yemwe sitimutchula kawirikawiri chifukwa ndi wa ife eni ake a kunyanja, ndipo ndimutchula ndithu, maukonde a monofilament aja, opyapyala ngati tsitsi, osaoneka m'madzi. Ndi oletsedwa koma ali mbwee m'madoko chifukwa ngotchipa. Sachedwa kung'ambika, ndipo akang'ambika palibe amawasoka, amangosiyidwa m'madzi kaya pamchenga munthu nkukagula wina. Ukonde wotayidwawo sumasiya ntchito, umapitiriza kukola nsomba, nkhanu, mbalame, zimafera momwemo nkuolera momwemo popanda wozidya. Onjezanipo ma neti a udzudzu omwe anaperekedwa kuti atiteteze ku malungo koma ena akuphera tiana ta nsomba, akatha nawonso amathera m'madzi. Inu a dipatimenti ya za usodzi, kulanda ukonde kwa mlovi mmodzi padoko kuli bwino koma maukondewa sapangidwa padoko, amalowa m'dziko muno m'mabelo kudzera m'maboda ndipo amagulitsidwa m'mashopu odziwika, masana dzuwa likuswa mtengo. Yambirani kumeneko.

Tsopano nkhani ya lamulo, pomwe mtima wanga umawawa kwambiri. Dziko lino linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) mu 2015. Tinali m'gulu la maiko oyambirira ndithu mu chigawo chino. Koma makampani opanga majumbo anathamangira kukhoti nkutenga chiletso choimitsa lamulolo mu 2016, nkhani inakokeka mpaka pa 31 July 2019 pomwe khoti la Supreme linagamula kuti lamulolo ndi loyenera, ligwire ntchito. Tinasangalala. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene anatsogolera anzawo kumenyera nkhaniyi ataona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo m'mimba, anapatsidwa mphoto ya Goldman ya omenyera chilengedwe mu 2021, dziko lonse lapansi linamva dzina la Malawi. Koma chaka chomwecho kunabweranso chiletso china, chitatha icho mu 2024 makampani enanso anakatenga china, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pomwe khoti lalikulu ku Lilongwe linachotsa chiletsocho. Werengani nokha, 2015 mpaka 2025, zaka 10 zathunthu lamulo lili pa pepala makina akungotulutsa majumbo usana ndi usiku. Mwana amene anabadwa chaka chomwe lamulo linakhazikitsidwa anafika sitandade 4 kaya 5 nkhani idakali kukhoti, ndipo majumbo onse a zaka zimenezo ambiri ali m'minda mwathu, m'mimba mwa ziweto ndi pansi pa nyanja.

Lipoti lomwe a Lilongwe Wildlife Trust anatulutsa mu 2019 linati dziko lino limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pa chaka, ndipo 80 pa 100 alionse ndi ogwiritsa ntchito kamodzi nkutaya. Kafukufuku wa ku Mponela anapeza pulasitiki m'mimba mwa ziweto 40 pa 100 zilizonse zophedwa. Funsani wa butchala aliyense kaya wa kanyenya akuuzani za chimpira cholimba cha majumbo opotana chomwe amachipeza akatumbula mbuzi, mbuzi yoti imadya koma imangoonda mwini wake osadziwa chikuidya nchiyani. Kumudzi mbuzi ndi banki, ndi fizi, ndi feteleza, ndi ya pamaliro.

Nde pano chiletso cha kukhoti chija chinachoka, mulibenso chonamizira. A MEPA ndikuthokozeni pomwe mwayesetsa, tamva kuti mwayendera mafakitale ena ndi mashopu, mwalanda katundu. Koma chonde musatope, ndipo musalole kuti zikhale za mwezi umodzi atolankhani ali pompo kenako zii. Chomwe ndikuopa ine ndi chakuti mphamvu zonse zithera pa anthu ang'onoang'ono. Mayi wogulitsa mandasi pa depoti, mnyamata wa chiwaya, agogo ogulitsa tomato wa pamulu, amenewa sapanga jumbo, amagula mpukutu kwa wa holoselo chifukwa ndi chomwe chilipo komanso kasitomala amafuna pomuikira. Mukawalanda lero mawa agulanso ngati ku holoselo zilipo. Mafakitale opanga mapulasitiki m'dziko muno ngowerengeka, ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ma adilesi ake mukuwadziwa chifukwa ziphaso amatenga kwa inu nomwe a boma. Maboda athu akuluakulu nawo ngodziwika, Mwanza, Dedza, Mchinji, Songwe, Muloza. A MRA ndi apolisi akhale nanu limodzi pa nkhaniyi. Ndipo kampani ikapezeka yolakwa tiuzeni poyera, dzina lake ndi chindapusa chake, pawailesi, kuti tidziwe kuti lamulo likuluma ndithu. Chindapusanso chikhale chowawa, osati choti mwini fakitale amachibweza ndi phindu la tsiku limodzi.

Anzathu anakwanitsa. Rwanda inaletsa majumbo mu 2008 ndipo olo pabwalo la ndege amakulanda. Kenya inaletsa mu 2017 ndi chilango choti munthu atha kukakhala kundende mpaka zaka 4, kenako mu 2020 analetsanso mapulasitiki onse ogwiritsa kamodzi m'mapaki, m'nkhalango ndi m'magombe otetezedwa. Tanzania, yomwe tikumwa nayo nyanja imodzi, inaletsa mu June 2019. Sindikunena kuti kumeneko zonse zili bwino, ozembetsa aliko, koma kusintha kumaoneka ndi maso. Ife tili ndi Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984 chifukwa cha mbuna zathu, nsomba za mitundu mazanamazana zosapezeka kwina kulikonse. Chingatikanike nchiyani kunena kuti m'paki imeneyi ndi pa zilumba zake botolo la pulasitiki lotaya ndi jumbo sizilowa? Alendo amachoka kutali kudzaona nsomba zimenezi, akamira m'madzi nkumaona mapampasi pakati pa miyala sadzabweranso, ndipo amene aluze ndi mnyamata wa boti wa ku Chembe, wosema ziboliboli, wophika kuloji.

Komanso tisadzinamize kuti lamulo la ma micron 60 latha zonse. Botolo la madzi ndi la zakumwa silili m'gulu limenelo. Masacheti a mowa ataletsedwa mowa womwewo unabwerera m'timabotolo ta pulasitiki, pitani kuseri kwa bala iliyonse ya padoko mukaone mulu wake. Ife akuluakulu pang'ono tikukumbuka nthawi ya botolo lagalasi, unkapita kugolosale ndi emputi, ukapanda emputi umasiya dipoziti, ndipo sunkaona botolo lili lotayidwa pamsewu chifukwa mwana aliyense ankadziwa kuti ndi ndalama. Nzeru imeneyo si yachilendo kuno, tinali nayo ndipo pa mabotolo agalasi ikugwirabe. Bwanji osalamula kuti kampani iliyonse yogulitsa chakumwa m'botolo la pulasitiki iike kandalama pa botolo lililonse lobwezedwa, ndipo izitenganso mabotolo ake? Lole yomwe yabweretsa zakumwa ku Monkey Bay kaya ku Chintheche imabwerera yopanda kanthu, ibwerere ndi mabotolo. Mutachita zimenezo ndikukuuzani gombe lonse liyera pasanathe mwezi, achinyamata osowa ntchito atola okha popanda wowauza. Panopa amene akuthandiza ndi amayi a thobwa ndi a mafuta oyeza amene amagula mabotolo akale nkuwatsuka, koma iwo sangathe onse, ndipo kunena zoona botolo lotoledwa kudzala nkuthiramo thobwa nalonso lili ndi mavuto ake pa nkhani ya ukhondo.

Mabwana ma DC ndi makhansala, gawo ili ndi lanu. Timauzidwa tsiku ndi tsiku kuti osataya zinyalala paliponse. Chabwino tamva. Titaye kuti? M'madoko ambiri ndi m'misika ya m'mbali mwa nyanja mulibe bini, ikapezeka imodzi imadzadza nkusefukira palibe galimoto yodzachotsa, mphepo ikaomba zonse zibwerera pamchenga. Mizinda ikuluikulu ili ndi kotaya kwake olo kuli kovuta, Area 38 ku Lilongwe, Mzedi ku Blantyre, Msilo ku Mzuzu, koma malo ngati madoko athu komwe nthawi ya usipa kumasonkhana anthu masauzande, ogula, ogulitsa, ophika, onyamula, kulibe dongosolo lililonse. Chonsecho wamalonda aliyense amadula tikiti ya msika tsiku lililonse. Ndalama ya tikiti ija gawo lina libwerere pamalo pomwe yatoledwa, ligule mabini, lilipire anyamata awiri atatu a ngolo kaya wilibala, pakhale malo otchingidwa kutali ndi madzi komwe zinyalala zizisankhidwa. Si nkhani yofuna madona a kunja imeneyi.

Chifukwa chosowa kotaya anthu amangotentha. Madzulo alionse utsi wakuda wonunkha uli tolotolo m'mudzi, ana akusewera pompo, agogo a chifuwa akutsokomola. Ndipo tinazolowera zinthu zina zoopsa osadziwa, kuyatsira mbaula ndi jumbo poti makala akuvuta kugwira moto, jumbo ikusungunuka ikudontha mayi ataweramira pompo akuuzira, kuvundikira mpunga kaya nsima ndi jumbo pamoto, kuthira tchipisi chotentha chochoka m'mafuta mu kajumbo kopyapyala mpaka kukwinyika. Utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni, a zaumoyo amadziwa. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi kunena za zimbudzi ndi katemera apatseni uthenga umenewunso azinena. Ndipo musaiwale kolera wa 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, maboma a m'mbali mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Ngalande yotsekeka ndi majumbo, madzi oima, mapampasi m'madzi omwe anthu akumwa, zonsezi zimaitana matenda omwewo.

Za tsiku losesa lija, lomwe linakhazikitsidwa mu November 2020 kuti Lachisanu lachiwiri la mwezi ulionse tizisesa m'dziko lonse, ganizo lake linali labwino ndipo ine ndinalilandira ndi manja awiri. Magulu a achinyamata, a mipingo, a mizikiti, ana a sukulu ndi eni maloji ena akhala akutola zinyalala m'magombe mongodzipereka, Mulungu awadalitse. Koma kusesa kokha fakitale ikupangabe, mtsinje ukubweretsabe, kotaya kulibe, kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Mumatola masaka 50 Loweruka, mulibe kopita nawo, mumawaunjika pansi pa mtengo, mbuzi ndi agalu azing'amba, Lachitatu zili pagombe pomwe munazitola. Anthu amagwa ulesi ndipo sindingawadzudzule.

Masiku a zisangalalo ndiye ndi nkhani ina. Pa 15 October tsiku la anakubala, pa Khirisimasi, pa Nyuwere, pa Isitala, mabasi ndi maminibasi amakhamukira ku Salima ndi ku Mangochi, ndipo ndi zabwino, nyanja ndi ya tonse, bwerani ndithu muzisangalala ndipo malonda athu amayenda. Koma m'mawa mwake gombe limakhala losaoneka bwino, mabotolo, mbale zotaya zija, makapu, majumbo, zonse mbwee, eni ake abwerera ku tauni. Chimodzimodzi ma festival a nyimbo a pamchenga. Inu amene mumapereka chilolezo cha zochitika zimenezi, ikanipo lamulo loti wokonza asonyeze kaye mabini angati aika, ndani atole, akataya kuti, ndipo asiye ndalama ya chikole yomwe abwezeredwe pokhapokha gombe likaoneka loyera. Maloji ndi mahotela nawo muziwafunsa kuti zinyalala zawo zimapita kuti, chifukwa kutsogolo kwa loji kumakhala kosesedwa bwino koma zungulirani kuseri kwa mpanda mbali ya kumudzi. Sitima ndi maboti onyamula anthu chimodzimodzi, munthu akamwa chakumwa pakati pa nyanja botolo azilisiya m'boti momwemo, pakhale thumba lake.

Mafumu athu, zikomo, ndikudziwa kuti mawu anu amamveka kuposa chikwangwani cha boma. Umboni ulipo pa chilumba cha Mbenje ku Salima, komwe kuyambira zaka za m'ma 1950 ufumu wa a Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo pachilumbapo pali malamulo okhwima, mowa ayi, chamba ayi, njuga ayi, ndipo asodzi amamvera, wolakwa amathamangitsidwa. Mpaka lero anthu amachokera kutali kudzaphunzira za Mbenje. Ngati mfumu ingathe kuletsa mowa pakati pa asodzi, ingalephere kuletsa kutaya pampasi m'nyanja? Khalani pansi ndi ma BVC, makomiti a m'madoko aja, muike malamulo a m'mudzi, boti lililonse lobwera kumtunda libwere ndi zinyalala zake, ukonde wotha usasiyidwe m'madzi, banja lililonse likhale ndi dzenje. A khonsolo awadinde malamulowo kuti akhale ndi mano.

Ena amati mukaletsa majumbo anthu aluza ntchito m'mafakitale, komanso osauka azinyamulira chiyani. Funso limeneli ndi loona, lisanyozedwe. Koma fakitale sikuti ikuuzidwa kutseka, ikuuzidwa kupanga zokhuthala zoti munthu agwiritse ntchito kambirimbiri. Ndipo ntchito za asodzi, ogulitsa nsomba, opala mabwato, a maloji, zomwe zimadalira nyanja yamoyo, ndi zochuluka kutalitali kuposa za m'mafakitale a majumbo. Zonyamulira tinali nazo, amayi athu ankapita kumsika ndi basiketi ya mlaza, dengu, kambale ka ndiwo, ufa ankamanga pa chitenje, nsomba ankakulunga m'masamba kaya kuzitunga pa kaluzi. Oluka mlaza ku Mangochi ndi ku Salima alipo mpaka pano, matelala osoka zikwama za chitenje ali pa khonde lililonse. Athandizeni ndi ngongole zing'onozing'ono, chotsani msonkho pa mapepala okulungira zakudya kuti wa chiwaya asaone kudula, ndipo boma liyambe lokha, pamisonkhano yanu ya m'mahotela a kunyanja timaona tebulo lililonse lili ndi timabotolo ta madzi mzere, ikani zigubu zazikulu ndi matambula.

Ndikudziwa kuti nkhaniyi ndi ya dziko lonse lapansi. Maiko anagwirizana ku Nairobi mu 2022 kuti apange pangano lothana ndi mapulasitiki, anakumana ku Busan kumapeto kwa 2024 osamvana, ku Geneva mu August 2025 osamvananso. Pa pulasitiki yense wotayidwa pa dziko lapansi ndi 9 pa 100 yekha amene amakonzedwanso. Nthumwi zathu zizipita ndithu zikalankhule, koma ife tisadikire za ku Geneva, a kumeneko samwa madzi a m'nyanja ya Malawi. Amene tikuyenera kukhala nawo pansi msanga ndi a Tanzania ndi a Mozambique, chifukwa botolo lotayidwa ku Mbamba Bay kaya ku Metangula mphepo ya vuma ikaomba limadzagona ku Nkhata Bay, lathunso limapita kwawo. Ndipo poti pali ntchito yopopa madzi a m'nyanja kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe, a mu likulu adziwe kuti zomwe akutaya mu Lingadzi ndi mu Lilongwe zikupita komwe madzi awo akumwa azidzachokera.

Wakutsina khutu ndi mnansi, mabwana, sindinalembe kuti ndikunyozeni. Ndikupempha kuti mvula isanayambe chaka chino a MEPA atiuze poyera mafakitale angati ayenderedwa ndipo angati alipitsidwa, khonsolo iliyonse ya m'mbali mwa nyanja isankhe madoko ake akuluakulu olo atatu okha iikepo mabini ndi anthu ochotsa olipidwa, a mizinda achotse milu ya zinyalala yomwe ili m'mphepete mwa Lilongwe, Lingadzi, Mudi ndi Lunyangwa madzi asanaikokolole, ndipo a Nduna mukapereke ku nyumba ya malamulo nkhani ya dipoziti ya mabotolo. Mvula yoyamba ikadzagwa mudzabwere nokha pomwe Linthipe amathirira m'nyanja, osatuma munthu, mudzaime ndi asodzi a pamenepo muone zomwe mtsinje ukubweretsa, bwato lokuolotsani tidzakupezerani.

Ine wanu,
Mwana wa kunyanja